MBONI YA M'MATOPE: Phunziro la Tizomera Tosaoneka ndi Mbiri ya Madzi a Dziko Lino

Mwezi wa Okutobala ukafika pa chidikha cha Kasungu, dzuwa likuswa mtengo, alimi a fodya amalawirira ku dambo ndi ndowa kukathirira nazale zawo. Kumeneko, m'mphepete mwa dziwe limene latsala pang'ono kuphwa, kumabuka mkangano wa chaka ndi chaka. Agogo amati: "Dziwe ili kale silinkaphwa. Tili ana tinkasambiramo ngakhale mu Novembala, ndipo milamba inali yosatha." Mdzukulu wawo wa pasukulu amayankha mwaulemu kuti: "Agogo, kapena mukukumbukira zaka za mvula zokha, za chilala mudaziiwala." Wina amati mlandu ndi wa mitengo imene idatha, wina amati nyengo ya dziko lonse ndiyo yatembenuka, wina amati chilala nchakale, chidalipo makolo asanabadwe.

Mlandu wotere sugamulika popanda mboni. Chikumbumtima cha munthu sichipitirira zaka za moyo wake ndi zimene adamva kwa makolo ake. Mabuku a boma nawonso ngafupi: kukwera ndi kutsika kwa Nyanja ya Malawi kudayamba kulembedwa m'chaka cha 1896 chabe. Koma ilipo mboni ina imene idaona zonse, ndipo sikondera munthu. Mboniyo igona m'matope a pansi pa maiwe, madamu ndi nyanja. Phunziro lino lifotokoza kuti mboniyo ndani, anthu ophunzira amaifunsa bwanji, ndipo yanena zotani za dziko lino.

1. Kodi mboniyo ndani?

Aliyense adziwa ndere zobiriwira zimene zimayandama pa madzi odikha. Koma ulipo mtundu wina wa ndere umene maso sauona. Munthu akaponda mwala wa mumtsinje naterereka, akayang'ana adzapeza kuti mwalawo wakutidwa ndi zoterera zofiirira ngati fodya wouma. Zambiri mwa zoterera zimenezo ndi tizomera tating'onoting'ono totchedwa madayatomu. Dzinali lidachokera ku Chigriki, ndipo litanthauza chinthu chodulidwa pawiri. Kachomera kamodzi ndi kochepa ndithu, kotero kuti tambiri sitifika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita. Tioneka ndi maikulosikopu okha, ndiwo makina a magalasi okulitsa zinthu.

Ngakhale tili tochepa chotero, ntchito yake njaikulu. Timapanga chakudya chake ndi kuwala kwa dzuwa monga zichitira zomera za pamtunda. Tizilombo ta m'madzi timadya tizomerati, usipa nkudya tizilomboto. Chambo nacho chimadya ndere zoterezi. Akatswiri awerengera kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5 a mpweya wabwino umene zomera zonse za pa dziko lapansi zimatulutsa uchokera kwa madayatomu.

Chimene chiwasandutsa mboni ndi nyumba yawo. Kachomera kalikonse kamadzimangira kachigoba ka silika, ndiye chinthu chomwecho chimene chili mumchenga ndi m'galasi. Kachigobako kali ndi mbali ziwiri zolowana, monga kachitini ka fodya wa m'mphuno ndi chivundikiro chake. Pamwamba pake pali timabowo ndi timizere toyalidwa mwa dongosolo, ndipo mtundu uliwonse uli ndi maonekedwe akeake, monga mphini za pankhope zimene kale zinkadziwitsa kwawo kwa munthu. Tina ntozungulira ngati ndalama, tina tonga bwato, tina tonga singano, tina tolumikizana ngati mfundo za bango. Kachomerako kakafa, za m'kati mwake zimaola, koma galasi siliola. Kachigoba kamamira pang'onopang'ono nkukagona m'matope, ndipo kangathe kukhala momwemo zaka zikwi zambirimbiri kosasintha maonekedwe.

Chithunzi choyamba cha madayatomu chidasindikizidwa ku London m'chaka cha 1703. Pambuyo pake Christian Gottfried Ehrenberg wa ku Germany adasonyeza kuti pali miyala ndi dothi zimene zidapangika ndi tizigoba totere, natulutsa buku lake lalikulu la nkhaniyi mu 1854. A dziko lino adalembedwa ndi Otto Müller, wa ku Germany komweko, kuyambira 1903 mpaka 1910. Iye ndiye adapatsa mtundu wina dzina lakuti nyassensis, kutanthauza wa ku Nyasa. Lero mtunduwo utchedwa Aulacoseira nyassensis.

2. Chifukwa chiyani umboni wake ukhulupirika?

Mlimi akaona malo omera bango adziwa kuti madzi ali pafupi. Akaona kaufiti atachuluka m'munda wa chimanga adziwa kuti nthaka yaguga. Safuna wina womuuza, chifukwa chomera chilichonse chili ndi malo amene chimakonda. Madayatomu nawonso ali chimodzimodzi, ndipo mitundu yawo ilipo zikwi zambiri. Popeza amaswana msanga, madzi akangosintha, mtundu umene unali wochuluka umachepa, wina nkutenga malo ake.

Mitundu ya Aulacoseira ili ndi zigoba zolemera. Siingayandame popanda mphepo yovundula madzi. Kuchuluka kwake m'matope kusonyeza madzi amene ankavunduka kawirikawiri. Mitundu ya Stephanodiscus imachita bwino pamene m'madzi muli fosiforasi wokwanira, ndiye mchere umodzi mwa michere ya mu feteleza. Mitundu ya Eunotia imakonda madzi owawasa pang'ono, osowa michere, onga a m'zithaphwi za m'mapiri. Nitzschia palea amachuluka m'madzi oipitsidwa ndi ndowe ndi zonyansa. Ilipo inanso imene imapirira madzi a mchere, ndipo imaoneka pamene dziwe lopanda potulukira laphwa ndi dzuwa mpaka madzi ake kusanduka a chikungu. Ina imayandama pakati pa madzi akuya. Ina imamatirira pa miyala, pa mchenga ndi pa mabango a m'mbali.

Motero munthu wodziwa mitunduyi akapatsidwa katope kodzaza nsonga ya mpeni, angathe kunena ngati madzi a nthawi imene katopeko kadagwa anali akuya kapena osaya, ozizira bwino kukamwa kapena amchere, oyera kapena odzala ndi michere. Kuti chiweruzo chotere chisakhale chongopeka, akatswiri adayendera nyanja ndi maiwe ambirimbiri a masiku ano, nayesa madzi ake, nalemba mitundu yopezeka m'menemo. Mu Africa muno ntchito imeneyi idatsogozedwa ndi mayi wina wa ku France, Françoise Gasse, amene adamwalira mu 2014. Kaundula wotereyu ndiye muyeso umene zigoba zakale zimayerekezedwa nawo.

3. Matope ngati buku

Mlimi akamadinda belo la fodya pa jeke, masamba oyamba kuikidwa amakhala pansi, otsiriza pamwamba. Matope a pansi pa madzi aunjikana motero: a chaka chino agona pamwamba pa a chaka chatha. Wofuna kubwerera m'mbuyo m'mbiri ayenera kungotsika pansi.

M'malo ena masamba a bukuli amaoneka ndi maso. Nyanja ya Malawi njakuya mamita pafupifupi 700, ndipo kupitirira mamita 250 kutsika pansi madzi ake alibe mpweya wopuma zamoyo. Kumeneko kulibe nsomba kapena nyongolotsi zofukula matope, choncho chimene chagwa chimakhala pomwe chagwera. Kumpoto kwa nyanjayi matope ali ndi timizere tosinthana, koyera ndi kakuda. Kamzere koyera kamapangika m'nyengo ya mwera: mphepo ikavundula nyanja, michere ya pansi imakwera, madayatomu nkuswana kwambiri, zigoba zawo nkugwa ngati ufa. Kamzere kakuda nka m'dzinja, pamene mitsinje imabwera ndi dothi la kumtunda. Timizere tiwiri ndiye chaka chimodzi, ndipo munthu angathe kuwerenga zaka monga awerengera mizere ya pa chitsa cha mtengo.

Kumene timizere totere kulibe, zilipo njira zina zodziwira zaka. Kachidutswa ka khala, ka tsamba kapena ka mbewu kamayesedwa ndi njira ya kaboni 14, imene Willard Libby wa ku America adatulukira cha m'ma 1949. Njirayi ifika zaka pafupifupi 50,000 m'mbuyo. Matope a zaka 150 zapitazi amayesedwa ndi mtundu wina wa mtovu, wotchedwa mtovu 210, umene umagwa ndi mvula nkumatha pang'onopang'ono pa liwiro lodziwika. Ngakhale mabomba a atomiki amene maiko akuluakulu ankayesa mumlengalenga adasiya fumbi lake m'matope a dziko lonse, ndipo fumbilo lidachuluka koposa cha m'ma 1963 ndi 1964. Phulusa la mapiri ophulika nalonso ndi chizindikiro: la phiri la Rungwe ku Tanzania lipezeka m'matope a kumpoto kwa nyanja ino.

4. Ntchitoyo ichitika bwanji?

Ofufuza amapita ndi bwato pakati pa dziwe kapena nyanja, pamene pali pakuya ndi podikha. Amatsitsa paipi nkuikhoma m'matope mosamala, kenaka nkuizula itatsekedwa kuti za m'kati zisatayike. Chotuluka m'paipimo chili ngati mzati wa dothi: kumutu kwake ndi lero, kutsinde kwake ndi kale. Mzatiwo amaudula m'tizidutswa topyapyala, nthawi zambiri ta sentimita imodzi kapena theka lake, nalemba pa kachidutswa kalikonse kuya kumene kachokera.

Ku nyumba yofufuzira, katope ka pa kachidutswa kalikonse amakawiritsa m'mankhwala amene amadya zoola zonse nkusiya galasi lokha. Dontho la zotsalazo amaliumitsa pa kagalasi, naliika pa maikulosikopu okulitsa chinthu ka 1,000. Tsono iyamba ntchito yofuna kupirira. Munthu amakhala pansi tsiku ndi tsiku, kuzindikira kachigoba kalikonse ndi kukalemba pa mtundu wake, mpaka atawerenga tizigoba 300 kapena 500 pa kachidutswa kamodzi. Akatha, amatenga kachidutswa kotsatira. Mzati umodzi ungathe kumudyera miyezi yambiri. Pomaliza amajambula mndandanda wosonyeza mmene mtundu uliwonse udachulukira kapena kuchepera kuchokera pansi kufika pamwamba. Mndandanda umenewo ndiwo mbiri ya madziwo.

5. Chilala cha makedzana

Mzati wautali koposa wa dziko lino udakumbidwa m'chaka cha 2005. Akatswiri otsogozedwa ndi Christopher Scholz, Andrew Cohen ndi Thomas Johnson, a m'mayunivesite a ku America, adamanga makina obowolera pa chombo cha Viphya. Pakati pa nyanja, pamene madzi ali akuya mamita pafupifupi 590, adabowola matope mamita ena 380. Matope amenewo asunga mbiri ya zaka 1.3 miliyoni.

Zimene zidapezekamo nzodabwitsa. Pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kudagwa zilala zoopsa zimene zinkakhala zaka zikwi zingapo. Nyanja idatsika mamita oposa 500, nitaya magawo 95 mwa magawo 100 a madzi ake. Jeffery Stone ndi anzake, amene adawerenga madayatomu a mumzatiwo nafalitsa zotsatira zake mu 2011, adapeza kuti m'matope akale kuposa zaka 85,000 mumachuluka kawirikawiri mitundu yopirira madzi amchere, imene m'nyanja ya lero simo. Ndiye kuti nyanja yaikuluyi idasanduka thamanda lopanda potulukira, la madzi achikungu. Ufa wa maluwa wopezeka m'matope omwewo usonyeza kuti dziko lozungulira linali ngati chipululu; ngakhale makala a moto wa kutchire adachepa, popeza kunalibe udzu wokwanira kupsa. Pambuyo pa zaka 70,000 zapitazo mvula idabwerera, nyanja nidzala mpaka kufika pafupi ndi pamene ili lero. Mzati wonsewo usonyeza kuti nyanja idatsikapo mamita oposa 200 nthawi zokwanira 24.

Sikuti nyanja zazikulu zokha ndizo zisunga mbiri yotere. Kungooloka malire a Karonga, m'dera la Rungwe, kuli kanyanja kakang'ono kotchedwa Masoko, kamene kali m'chigwa cha phiri lophulika lakale. Philip Barker ndi anzake adawerenga madayatomu a m'kanyanjako, ndipo mu 2003 adafalitsa mbiri ya zaka 50,000 ya kudzala ndi kuphwa kwake.

Kusintha kwina kudachitika pamaso pa agogo a anthu amene ali moyo lero. Kuyambira cha m'ma 1915 mpaka cha m'ma 1935 nyanja idatsika kotero kuti mtsinje wa Shire udaleka kutulutsa madzi ake. Nyanja ya Chilwa nayo idaphwa mu 1968 ndi mu 1995. Choncho uja amati chilala nchakale sanama. Dziko lino lakhala likuuma ndi kunyowa anthu asanayambe kulima fodya, ndipo nzeru ya makolo yosunga nkhokwe ya chaka chamawa idabadwa m'zowawa zenizeni. Anthu a ku Kasungu amene adaona njala ya 2002 sasowa wowauza zimenezi.

6. Dzanja la munthu

Koma mboni yomweyo ili ndi mawu enanso, ndipo mawu amenewa apezeka m'masamba a pamwamba penipeni pa bukuli.

Ku Scotland, m'dera la Galloway, nsomba zidayamba kutha m'tinyanja ta m'mapiri chifukwa madzi ake adawawasa. Padabuka mkangano wonga wa pa dambo uja. Ena ankati madziwo ngowawasa chibadwire. Ena ankati vuto ndi kasamalidwe ka mabusa a nkhosa. Ena ankaloza utsi wa malasha wa m'mafakitale, umene unkagwa pamodzi ndi mvula. Mu 1983 Roger Flower ndi Richard Battarbee adafalitsa zimene adapeza m'matope a kanyanja ka Round Loch of Glenhead. Kwa zaka mazana ambiri mitundu ya madayatomu sidasinthe kwenikweni. Koma kuyambira pakati pa zaka za m'ma 1800, nthawi imene mafakitale adachuluka, mitundu yokonda madzi owawasa idalanda malo. Umboni umenewu udathandiza kugamula mlandu. Maiko a ku Ulaya adachepetsa utsi woipawo, ndipo madzi a kanyanjako adayamba kuchira pang'onopang'ono.

Ku Nyanja ya Victoria, Dirk Verschuren ndi anzake adasonyeza mu 2002 kuti ndere zidayamba kuchuluka kuyambira m'ma 1930, pamodzi ndi kuchuluka kwa anthu ndi minda m'mbali mwa nyanjayo. Ndere zochulukazo zikafa zinkaola pansi nkumaliza mpweya wa m'madzi akuya. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 madayatomu a zigoba zolemera adagonja, ndipo ndere za mtundu wina, zimene nsomba sizipindula nazo kwenikweni, zidatenga ufumu.

Nanga Nyanja ya Malawi? Mu 2011 Megan Otu, Robert Hecky ndi anzawo adafalitsa zimene adawerenga m'matope a zaka 200 zapitazi. Kummwera kwa nyanja, kumene kumathira mitsinje yochokera m'madera a anthu ambiri monga Linthipe, matope adayamba kuunjikana msanga kuyambira cha m'ma 1940, ndipo fosiforasi wa m'matopemo adachuluka. M'zaka zotsatira mitundu ya madayatomu idasintha: yokonda madzi odzala ndi michere idachuluka, ina imene inali eni nyanja nichepa. Zimenezi zigwirizana ndi kalembera wa anthu. Mu 1945 m'dziko muno munali anthu pafupifupi 2 miliyoni. Mu 1966 anali 4 miliyoni. Mu 2018 adapitirira 17 miliyoni. Matope owonjezekawo sadagwe kumwamba ayi: ndi nthaka ya m'minda ya anthu, ndipo micherewo ndi chonde chimene mbewu zikadadya.

7. Nanga za ku Kasungu?

Chidikha cha Kasungu chili kutali ndi gombe, koma madzi saiwala khwawa. Mvula yogwa pa minda ya kumeneko imatsikira m'madambo, madambo nkuipereka ku mitsinje ya Rusa, Bua ndi Dwangwa, mitsinjeyo nkukathira m'nyanja m'boma la Nkhotakota. Monga Linthipe atengera dothi la ku Dedza ndi Lilongwe, Bua ndi Dwangwa atenga la ku Kasungu. Mu Bua ndimonso mmene mpasa imakwera kukaswana, ndipo nsomba imeneyi imafuna nsangalabwi zoyera, zosakwiririka ndi matope.

M'zaka za m'ma 1970 maesiteti a fodya adafalikira kwambiri m'bomali. Nkhalango za miombo zidagwetsedwa kuti pakhale minda. Mitengo ina idatha ndi moto wa m'mabalani, ina ndi milimo ya zigafa. Anthu adachuluka, kotero kuti pa kalembera wa 2018 bomali linali ndi anthu oposa 800,000. Nazale ndi madimba zidatsikira m'madambo, ng'ombe nazo nkumadya momwemo. Tsono dambo lili ngati siponji ndi sefa pamodzi: udzu wake umagwira madzi a m'dzinja nkumawatulutsa pang'onopang'ono m'chilimwe, ndipo umatsakamiza dothi lisanafike kumtsinje. Udzuwo ukalimidwa ndi kutenthedwa chaka ndi chaka, madzi amadula chigwembe pakati pa dambo nkuthamanga onse nthawi imodzi. Dziwe limalandira mchenga m'malo mwa madzi. Choncho agogo aja nawonso sanama: dziwe lingathe kuphwa msanga lero ngakhale mvula itagwa monga kale, chifukwa lakwiririka ndipo dambo lolidyetsa lafa.

Damu lililonse la m'bomali likulemba buku lakelake, ndipo tsamba loyamba la bukulo lili ndi deti lodziwika, ndilo chaka chimene damulo lidatsekedwa. Damu la Lifupa lili m'kati mwa nkhalango yotetezedwa ya Kasungu, imene idakhala paki ya dziko mu 1970; damu la Chitete, limene limamwetsa tauni ya Kasungu, lili pakati pa minda ndi nyumba za anthu. Wowerenga matope a damu lotere amayang'ana zinthu zitatu. Choyamba, makulidwe a matope a chaka chilichonse, amene asonyeza liwiro la kukokoloka kwa nthaka. Chachiwiri, mizere ya mchenga ndi makala, imene isonyeza zaka za madzi osefukira ndi za moto wolusa. Chachitatu, mitundu ya madayatomu: ngati pansi pali ya madzi oyera, pamwamba nkukhala ya madzi a ndowe ndi feteleza, ndiye kuti damulo ladwala, ndipo kuya kumene kusinthako kuyambira kudzanena chaka chimene matendawo adayamba.

8. Malire a umboni

Mboni yoona imafunikabe woweruza wanzeru. Dziwe limene limaphwa chaka chilichonse, ng'ombe nkumapondaponda matope ake, anthu nkumakumbamo dothi la njerwa, lili ngati buku limene ana ang'amba masamba ake ndi kuwasokoneza. Nchifukwa chake ofufuza amafuna malo akuya amene sauma. M'madzi a chikungu chambiri tizigoba topyapyala timasungunuka, tolimba tokha nkutsala, ndipo wowerenga wosachenjera angasokere. Mtsinje wosefukira ungathenso kukokolola zigoba zakale nkukaziika pamwamba pa zatsopano.

Nthawi zina chimene munthu ayembekezera sichimene apeza. M'mzati wa 2005 uja, zinkayembekezeka kuti m'nyengo zimene nyanja idaphwa mudzachuluka mitundu yomatirira pa miyala ya m'mbali; koma mitunduyo sidachuluke m'nyengo zimenezo. Chifukwa cha zoterezi akatswiri sakhulupirira mboni imodzi yokha. Amafunsanso ufa wa maluwa, makala, zigoba za tizilombo ta m'madzi ndi michere ya m'dothi, ndipo amagamula pokhapokha mboni zingapo zitagwirizana. Ndi mwambo womwewo umene mfumu yabwino itsata pa bwalo.

9. Phunziro lake

Matope anena zinthu ziwiri, ndipo zonse nzoona. Chilala nchakale, chidzabweranso, ndipo mudzi wanzeru umachikonzekera. Koma kukwiririka kwa maiwe ndi kudetsedwa kwa madzi m'zaka 80 zapitazi ndi ntchito ya manja a anthu, ndipo chimene manja adaononga manja angathe kuchikonza, monga kanyanja ka ku Scotland kasonyezera. Munthu amene aika zonse pa nyengo amapinda manja. Amene aika zonse pa mnzake amadzala mkangano m'mudzi. Wosiyanitsa ziwirizi ndiye adziwa pogwira khasu.

Zochita zake nzodziwika kale kwa alangizi a zaulimi: kulima mizere yopingasa potsata akalozera, kudzala udzu wa vetiva m'malire a minda, kusiya lamba wa udzu ndi mitengo m'mbali mwa dambo ndi mtsinje, kutseka zigwembe zikadali zazing'ono, kudzala mitengo ya mabalani ndi zigafa m'malo modula yachilengedwe, ndi kuleka kutentha madambo. Thumba la feteleza limene mlimi adagula ndi thukuta la chaka chonse lisakathere kudyetsa ndere za m'damu.

Aphunzitsi ndi akatekisiti ofuna kufotokozera ana nkhaniyi atunge madzi a mumtsinje m'botolo loyera tsiku la mvula yaikulu, nalisiye usiku wonse. M'mawa ana adzaona okha mchenga pansi, matope osalala pamwamba pake. Atungenso botolo lina pa mtsinje wochokera m'nkhalango, ana ayerekeze mabotolo awiriwo. Pamene anthu akukumba chitsime m'dambo, awatengere anawo kukaona mizere ya dothi lakuda ndi ya mchenga m'khoma la dzenjelo, ndipo aitane agogo a m'mudzimo kuti anene zaka za madzi osefukira ndi za chilala zimene akumbukira. Umboni wa akulu ndi umboni wa dothi ukaikidwa pamodzi, mudzi udzadziwa mbiri ya madzi ake.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Nchifukwa chiyani kachigoba ka dayatomu sikaola m'matope?
2. Kodi timizere toyera ndi takuda ta m'matope a kumpoto kwa Nyanja ya Malawi timapangika m'nyengo ziti?
3. Ndi umboni wotani umene usonyeza kuti nyanjayi idakhalapo ya madzi amchere?
4. Pa zosintha zimene zaoneka pa dambo la kwanu, ndi ziti zochokera ku nyengo, ndipo ndi ziti zochokera ku ntchito za anthu?
5. Ndi ntchito iti imodzi imene mudzi wanu ungagwire mvula ya chaka chino isanagwe, kuti nthaka ya m'minda isakathere m'dziwe?